Pepala la pa Mng'alu

Ndikukumbukira kuti linali Lachiwiri, tsiku lotulutsa mabini a zinyalala kumsewu, pamene ndinaona fumbi loyera pa bulangete la Tadala. Silinali lambiri ayi, linali ngati ufa umene umatsalira m'manja ukamaliza kusefa, koma linagwa mumzere, mzere wowongoka kuchokera kumutu mpaka kumiyendo, ndipo fumbi la m'nyumba siligwa mumzere. Ndinayang'ana kumwamba. Siling'i inali ndi mng'alu wopyapyala ngati ulusi, ndipo pakati pa chipinda inali itatsika pang'ono, kutsika koti mlendo sangakuone koma ine amene ndimasesa m'menemo tsiku ndi tsiku ndinakuona. Pansi pake penipeni ndi pamene pali bedi losanjikiza la ana anga. Tadala wa zaka zisanu ndi ziwiri amagona pamwamba, Mphatso wa zaka ziwiri amagona pansi.

Sindinakuwe, sindinaimbire munthu. Ndinang'amba kachidutswa katali pa kalata ya kusukulu kwa Tadala, ndinaphika kaphala ka fulawa m'kapu, ndinakwera pampando n'kumata pepalalo mopingasa pa mng'alu, mbali iyi ndi mbali iyo.

Bambo a Tadala atabwera kuchokera ku shifiti, kumene amasamalira nkhalamba kuno ku Midland, dera lina la mzinda wa Perth, anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno.

"Amake Tadala, ichi n'chiyaninso? Mwayamba zithumwa?"

"Siling'i ikutsika."

"Kuno ndi ku Perth, mayi, si ku Ndirande. Nyumba za kuno amaziyendera anthu ophunzira ntchito yawo. Chotsani, ejenti wa mwini nyumba akadzaona adzati tikuwononga."

Mchemwali wawo, alamu anga a Grace, amene ndi nesi ndipo ndi amene anayamba kubwera kuno, atamva nkhaniyo anaseka mpaka ndinawamva pa foni ndili kukhitchini. "Auzeni alamu apeze kantchito," anatero. "Kungokhala pakhomo kumapangitsa munthu kuona zinthu."

Ine sukulu ndinalekera sitandade seveni, ndipo m'banja limeneli palibe sabata imene amandilola kuiwala. Chabwino, aseke ndi madigiri awowo. Koma za pepalazi sindinaziphunzire ku Ndirande. Ndinaziphunzira ku India ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo munthu wina analumala kuti ine ndiziphunzire.

Mayi anga ankagwira ntchito kwa amwenye ena ku Limbe, kusamalira nkhalamba ya pakhomopo, mayi a bwana, amene tonse tinkawatcha Ba. Miyendo itasiya kugwira, Ba anayamba kulira tsiku ndi tsiku kuti akufuna akaone mzinda wakwawo asanafe, ndipo anakana kuti munthu wina aliyense aziwasambitsa kupatula mayi anga. Mayi anati sangapite popanda ine, pakuti bambo anali atamwalira ndipo panalibe wondisiyira. Ndi mmene ndinasiyira sitandade fili pakati n'kukwera ndege. Dzina la mzindawo sindilitchula. Anthu amene nditi ndiwanene ali ndi zidzukulu.

M'mawa uliwonse, zipata zikangotsegulidwa, ine ndi mayi tinkapita kumsika waukulu kukagula masamba, chifukwa Ba sankadya za dzulo. Msikawo ukauona patali unkangoti ndi tchalitchi. Njerwa zofiira, makomo aatali opindika pamwamba, nsanja ya wotchi pakati, nkhunda zitamanga zisa kuseri kwa manambala. M'kati munali mizati yachitsulo yobiriwira, ndipo pamwamba pa mizatiyo panali khonde lozungulira nyumba yonse, litadzaza ndi matumba a anyezi ndi mpunga mpaka kudenga. Fungo lake ndikatseka maso ndimalimvabe: tsabola wolasa m'mphuno, maluwa, zitosi za nkhunda, ndi chinyezi cha khoma lomwe lamwa mvula zaka zosawerengeka.

Tsiku loyamba mayi akundikalipira kuti ndisamagwiregwire zinthu, tinangomva mawu kumbuyo kwathu: "Musiyeni mwana, mayi. Kwanu n'kuti, ku Blantyre?"

Mayi anataya basiketi pansi. Amene analankhulayo anali nkhalamba yowonda ya magalasi okhuthala, itakhala pakati pa milu ya tsabola wouma ndi chikasu. Dzina lawo anali a Kanji. Ali mnyamata anali ndi sitolo m'mbali mwa msewu cha ku Balaka, mpaka boma litauza amwenye kuti achoke m'midzi, iwo n'kubwerera kwawo. Chichewa chawo chinali chakale, cha anthu amene anamwalira, koma chinali Chichewa, ndipo m'dziko lonselo ndi iwo okha amene ankandimva ndikalankhula. Kuyambira tsikulo mayi ankandisiya pa benchi la a Kanji iwo n'kumazungulira msika.

"Nyasalande, khala apa," ankatero. Dzina langa lenileni sanalitchulepo.

Pafupi nawo, pansi penipeni pa khonde lija, pankakhala a Lila, mayi wonenepa wogulitsa maluwa otunga pa ulusi. Ine ndi iwo tinalibe mawu ngakhale amodzi ogwirizana. Ankayesa kundibaya maluwa m'tsitsi monga amachitira ana akwawo, maluwawo n'kumagwa chifukwa tsitsi langa linali lometa, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola. Mapeto ake anandimangira mzere wa maluwa kuzungulira mutu ngati duku.

A Kanji ankakonda kulongosola mbiri ya msikawo kwinaku akupinda timapepala tokulungira tsabola n'kumatimata ndi phala la mpunga limene linali m'kachitini. Anati anaumanga ndi Angelezi nthawi imene ankalamulira dzikolo. Mumzinda munagwa mliri, azungu n'kunena kuti ukuchokera kwa anthu ogulitsa pansi m'misewu, ndiye anawasesa onse n'kuwalowetsa m'nyumba imodzi, kuti madona azigula osaponda matope. Mizati ija inabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera kwawo kwa azunguwo, ndipo m'munsi mwake munali zilembo za Chingelezi zimene a Kanji ankanditumiza kuti ndikawerenge ndi chala. Pakhomo lalikulu panali mwala wosemedwa dzina la bwanamkubwa wa nthawiyo.

"Munthu ameneyu sanagulepo ngakhale anyezi mmodzi muno," ankatero a Kanji. "Anabwera tsiku lotsegulira, anagwira mphuno ndi kansalu, basi n'kumapita. Agogo anga ndiye anasenza njerwa izi pamutu. Pita ukapeze dzina lawo pamwalapo, ndikupatsa switi."

Kutsogolo kwa msika kunali chomwera chamwala, chokongola, cha mitu ya mikango. Anachimangira akavalo ndi agalu a azungu, ndipo anachimanga mpopi wa anthu ogulitsa usanaganiziridwe n'komwe. Khonde la m'mwamba lija nalo silinali la katundu ayi. Analimangira mzungu woyang'anira msika, kuti aziyenda ndi kandodo kake akuyang'ana pansi amene wataya makoko. Linali la nsapato za munthu mmodzi. Azungu atapita, eni dziko anachotsa dzina la bwanamkubwa pachipata n'kukhoma chikwangwani cha dzina lakwawo, koma oyendetsa tinjinga tonyamula anthu ankatchulabe dzina la mzungu lomwelo, ndipo pa khonde la munthu mmodzi lija amalonda anayamba kuunjika matumba.

Kenaka akuluakulu a mzinda analengeza kuti msikawo ndi chuma chakale, chosayenera kukhudzidwa. Tanthauzo lake linali loti wogulitsa akakhoma msomali, amugwira, koma denga likamadontha palibe wobwera. Kukamabwera mlendo wamkulu ndiye ankatumiza anthu kudzapaka penti kutsogolo kokha, kumene galimoto idzaime. Alendo a makamera ankafika, kujambula nsanja, kujambula mikango, kundijambulanso ine, kamwana kakuda pakati pa tsabola wofiira, n'kumagwedeza mitu kuti kukongola kwake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankakweza maso kuona kuti khonde lili pamutu pakepo lapendekeka.

Zonsezi a Kanji anandiuza, mobwerezabwereza, mpaka ndinkazidziwa ngati katekisimu. Chimodzi chokha sanandiuze.

Kuseri kwa mpando wawo, khoma linali ndi mng'alu wotsika kuchokera pa khonde mpaka pansi. Pa mng'aluwo, cha m'munsi, panamatidwa kapepala mopingasa, kolembedwa zilembo zakwawo. Pamwamba pake pang'ono panali chithunzi cha mulungu wawo, chokhala ndi kanyali ndi maluwa a a Lila. Ine ndinangoti pepalalo ndi pemphero. M'mawa uliwonse a Kanji akavundukula katundu ankandisiya pa benchi n'kupita kuchipata kukamwa tiyi, pobwera kuwala kutalowa m'mawindo a m'mwamba, ankawerama, kuyandikitsa magalasi pa pepala lija, kugwedeza mutu, n'kukhala pansi. Ndinkati akupemphera.

Inali nyengo ya mvula, mvula ya kumeneko yogwa masiku osaleka. Tsiku lina chifukwa chosowa chochita ndinatokosa kangodya ka pepalalo ndi chikhadabo, pang'ono pokha. M'mawa mwake a Kanji atapita ku tiyi ndinacheukira kukhoma kuja. Pepala linali litang'ambika pakati, mbali ziwirizo zitatalikirana, mpata woti kamtengo ka machesi n'kulowa.

Mayi anali atandichenjeza tili m'ndege: "Ukadzakhudza za milungu yawo adzatithamangitsa, ndipo kwathu n'kosayendeka wapansi. Ndidzakusenda." Mayi anga akati akusenda sankanena zocheza.

Ndinayang'ana uku ndi uku. A Lila anali kalikiliki kutunga maluwa. Ndinaviika chala m'kapu ya madzi, ndinanyowetsa mbali imodzi ya pepala mpaka inamatuka, ndinaisendeza kuti ikumane ndi inzake, ndinatapa phala la mpunga m'kachitini n'kumata, kukanikiza ndi chala chachikulu. A Kanji anabwera, anawerama, anayang'ana ndi maso awo ofookawo, anagwedeza mutu n'kukhala pansi. Ndinapuma.

Tsiku lachiwiri linali litang'ambikanso, mpata woti pensulo n'kulowa. Ndinamatanso. Tsiku lachitatu mpatawo unali wolowa chala changa, mbali ziwirizo sizikanakumananso, ndiye ndinaba kapepala kokulungira tsabola n'kukaika kunsi ngati chigamba. Ndinkati mulungu wa pachithunzipo wakwiya, akuling'amba yekha kuti andiyalutse. Ndinapemphera Atate Wathu chamumtima ndikumata.

Tsiku lomwelo, dzuwa litakwera, ine ndi mayi tinali titangotuluka pachipata. Kunamveka kulira ngati munthu akuthyola nzimbe, koma nzimbe yaikulu ngati mtengo, nkhunda zonse zinauluka nthawi imodzi, kenaka pansi panagwedezeka. Fumbi loyera linatuluka pakhomo ngati utsi. Chimene sindiiwala ndi anyezi. Anyezi anagubuduzika kutuluka pakhomo la msika, ambirimbiri, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu othawa, ena mpaka kudzagunda mapazi anga.

Chigawo cha khonde chinagwa ndi matumba ake onse. A Kanji anapulumuka chifukwa anali atapita kukapereka katundu pa mzere wina. A Lila anawatulutsa atawanyamula pa chitseko, maluwa atamatirira m'magazi. Sanafe. Chiuno ndi mwendo zinaphwanyika, ndipo kumsika sanabwerereko.

Ndipamene ndinaona anthu akuwaukira a Kanji. Anawagwira malaya, kuwakankha, mayi wina anavula patapata n'kuwamenya naye kumaso, magalasi n'kugwa. Sindinkamva mawu awo, koma mayi amene ankatolako pang'ono chilankhulo chawo anandiuza kuti akunena kuti, iwe ndiwe unali maso athu.

Madzulo dzuwa lisanalowe a Kanji anafika kunyumba kumene tinkakhala, anazungulira kukhomo la kukhitchini. M'manja anali ndi chibenthu cha pulasitala, pepala lija likadali pomwepo, phala litaunjikana, chigamba changa chikuonekera, ndipo pamwamba pake panali chidindo cha chala, chachikasu, chaching'ono.

"Nyasalande, bwera ndi chala chako."

Anagwira chala changa chachikulu n'kuchiika pa chidindopo. Chinakwana ndendende. Mayi anali atavula kale patapata, ndipo anandimenya kamodzi, kawiri, a Kanji n'kuwagwira mkono.

"Mayi, mukam'menya lero, mawa akaona china chong'ambika adzamatanso."

Anakhala pa sitepe, anandikhazika patsogolo pawo n'kundiuza zimene anayenera kundiuza tsiku loyamba. Popeza a mzinda sankakonza ndipo sankalola wina kukonza, amalonda anapangana njira yawoyawo. Pa mng'alu uliwonse ankamata pepala n'kulembapo tsiku. Mzere uliwonse unali ndi munthu mmodzi woliyang'ana m'mawa. Likapezeka litang'ambika, ndiye kuti khoma layenda, munthuyo ankamenya mbale ya sikelo, onse a pamzerewo n'kutulutsa katundu kunja, onyamula n'kukwera kukatsitsa matumba pa khonde. Anachita zimenezi zaka zambiri ndipo palibe amene anavulalapo.

"Pepala sililimbitsa khoma, mwanawe," anatero. "Ntchito yake ndi kung'ambika. Linagwira ntchito yake katatu." Anapukuta magalasi osweka aja ndi malaya. "Ine ndinakuuza za wotchi, za mikango, za mzungu wogwira mphuno, zopanda pake zonse. Ichi chokha ndinachisiya. Wopusa ndine."

Chibenthu chija anachitaya m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Kumsika sanauze munthu. Udindo woyang'ana khoma anawalanda, ena anasiya kuwapatsa moni, iwo n'kumangopinda timapepala tawo. Atachoka tsiku limenelo mayi anandimenyabe, ndisaname, anandimenya mpaka Ba anakuwa kuchipinda kuti basi. Patapita masiku ananditengera kuchipatala kukaona a Lila. Anali atagona chagada, ataonda kumaso. Atandiona anamwetulira n'kundisisita m'mutu. Sankadziwa. Ndikanakonda akanandilavulira.

A mzinda anabwera, amuna a malaya oyera ndi mafayilo m'khwapa. Anazunguliza chingwe, anajambulitsa, anasesa. Pamene khonde linathyoka anatsekapo ndi matabwa, mng'alu anaumata simenti, n'kupaka penti khoma lonse, woyera mbee. Tisananyamuke kubwerera ku Limbe matumba anali atabwerera kale pamwamba. Chaka chathachi ndinauona msikawo pa foni, atauzunguliza magetsi amitundumitundu, anthu akulemba m'munsi kuti taonani ulemerero wa makedzana. Ndinangoti ulemerero wa chiyani, inu simunaone anyezi akugubuduzika.

Ndiye munthu akamandiuza kuti kuno ndi kwa azungu, zinthu sizigwa, ndimangomuyang'ana. Msika uja anamanganso ndi azungu, ndi chitsulo chochokera kwawo.

Pepala la m'chipinda cha ana anga ndinalimata Lachiwiri, ndipo kuyambira tsikulo ana ndinkawagoneka pa matiresi a alendo pa balaza. Lachinayi m'mawa ndinalipeza litang'ambika. Ndinawakoka bambo a Tadala padzanja asanavale n'komwe yunifolomu.

"Ndi kutentha," anatero. "Pepala likauma limang'ambika."

"Nanga mbali ziwirizi zatalikirana bwanji?"

Anakhala pa bedi la Mphatso, pansi penipeni pa mng'alu, n'kutsitsa mawu. "Amake Tadala, mwaiwala mmene tinavutikira kupeza nyumba ino? Mizere ija ya anthu pakhomo lililonse? Tikakhala anthu ovuta, pangano la lendi likatha adzangoti mwini nyumba akufuna kubwereramo. Ndiye tidzapita kuti ndi ana awiri?"

Zimenezo n'zoona, sindikana, mizereyo ndinaimapo ndili ndi mimba. Koma amalonda aja nawonso ankaopa kutaya mabenchi awo, ndipo anthu amenewo ankadziwa kumenya mbale ya sikelo. Bambo a Tadala analemba imelo kwa ejenti, yaulemu ngati akupempha ntchito, mawu oti pepani katatu.

Lachisanu kunabwera mnyamata wa kabudula ndi nsapato zazikulu, akuimba mluzu, m'manja chidebe cha zomatira ndi chitini cha penti. Makwerero ake anali aafupi, ofika pa siling'i basi, osati okwerera m'denga. Chingelezi changa n'chochepa koma chinakwana. Ndinaima pakhomo la chipinda n'kumuuza kuti penti ayi, akwere m'denga akaone chimene chagwira siling'iyo. Anaseka, anati iye amutuma kudzamata basi, mphindi makumi awiri, sindidzaonanso mng'alu. Ndinati ndi chimene sindikufunacho. Anaimbira ejenti n'kundipatsa foni. Mayi wa ku ofesiyo anandilankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, monga amalankhulira ndi mwana kapena chidakwa, kuti nyumba zakale zimakhala choncho, kuti ndisade nkhawa. Munthu amene sanagonepo m'nyumbamo ngakhale tsiku limodzi. Ndinamubwezera mnyamatayo foni yake, osasuntha pakhomo. Ananyamula chidebe chake n'kumapita, mluzu utatha.

Ndinaganiza zotulutsa zofunda zonse zimene zinatsala m'chipindamo. Nditanyamula matiresi a bedi lapamwamba, pakona panali kajumbo kapulasitiki, koikamo buledi wa kusukulu, katadzaza theka ndi fumbi loyera ndi tizibenthu ta pulasitala.

Tadala atabwera kusukulu ndinamuonetsa. Anayamba kulira ndisanafunse. Iye Chichewa amamva koma amayankha m'Chingelezi cha kuno, chothamanga, ndipo ndinachita kumuuza kuti abwereze. Anati akagona pamwambapo ankakonda kukweza miyendo n'kumakankha siling'i ndi mapazi, chifukwa inkabonya. Fumbi litayamba kugwa anaganiza kuti waiswa ndi iye. Kwa milungu iwiri ankadzuka ine ndisanalowe, kulitola lonse n'kubisa. Lachiwiri lija anachedwa kudzuka n'kuiwala.

Milungu iwiri. Mwana wanga akugona ndi chinthu chimenecho pamwamba pa nkhope yake, mlongo wake ali pansi, milungu iwiri, ine ndikupukuta matebulo n'kumadziyesa mayi wa maso.

Mkono wanga unali utakwera kale. Ndinauona uli m'mwamba, ndinaonanso Tadala atafinya maso, khosi atalilowetsa m'mapewa, atazolowera. Ndinautsitsa. Sizinali zapafupi, koma ndinautsitsa. Ndinakhala pansi pa kapeti n'kumuuza zonse zimene ndalemba panozi, za a Kanji, za phala la mpunga, za a Lila pa chitseko, zimene ngakhale bambo ake sindinawauzepo bwinobwino. Ndinamuuza kuti siling'i yabwino sibonya ndi mapazi a mwana, kuti iye sanaswe kanthu, ndipo kuti ngakhale tsiku lina adzaswe chinthu ndi manja ake, abwere adzandiuze chikadali choswekacho, sindidzamugwira.

"Zoona, mami?" Limeneli analinena m'Chichewa.

"Zoona."

Zaka zonsezi ndinkanyoza anthu opaka penti, ndipo ndikuwanyozabe, a malaya oyera aja, mayi wa pa foni uja, alamu anga ndi kuseka kwawo. Koma tsopano ndikudziwa kuti mwana sabadwa ndi mtima womata. Amamata chifukwa pali dzanja limene akuliopa kuposa khoma. Ku India dzanjalo linali la mayi anga. M'nyumba muno linali langa.

Nyumba yonse ili ndi siling'i ya mtundu womwewo, ndiye pa balaza sindinapakhulupirirenso. Ndinaimbira amake Taonga, mnzanga wa kutchalitchi wochokera ku Chipata, amene amuna awo amagwira ntchito kosungira katundu ku Kewdale. Iwo amakhala m'nyumba zatsopano zosanjikizana, za denga la simenti.

"Iwe, bwela chabe manje manje," anatero. "Muzagona mu siting'i lumu. Bana ni bana, vinangu tizakamba mailo."

Ndinajambula mng'alu ndi pepala long'ambikalo, ndinajambula kajumbo ka Tadala, n'kutumiza kwa ejenti ndekha, ndi Chingelezi changa chomwecho, popanda pepani. Ndinalongedza mayunifolomu, matewera ndi mankhwala a chifuwa a Mphatso. Ndinakiya chipinda cha ana, kiyi n'kuponya m'chikwama changa kuti wina asadzalowemo ndi chitini ine kulibe. Bambo a Tadala ndinawalembera kuti chakudya chili mufiriji, ana ali ndi ine kwa amake Taonga, tidzabwera munthu akakwera m'denga. Mphatso ndinam'bereka ndi chitenje, anthu a musitima ayang'ane mmene angayang'anire, Tadala ndinam'gwira padzanja mpaka pa siteshoni.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chichokereni m'nyumbamo. Bambo a Tadala amabwera madzulo kudzaona ana, amadya mwakachetechete, ndipo dzulo anandiuza akuyang'ana kumbali kuti iwonso ayamba kugona chakukhomo. Ejenti akuti sabata yamawa atumiza munthu wa makwerero aatali. Alamu anga amaimba tsiku lililonse kundiuza kuti ndachititsa banja manyazi, kugona pa balaza pa eni ake ngati othawa nkhondo, ndipo amamaliza ndi funso lomwelo: "Nanga yagwa, alamu?"

Sinagwe. Mwina ikhala zaka khumi osagwa. Koma ana anga sagona pansi pake kudikira kuti tione amene akunena zoona.